MUSALOLE AKUNAMIZENI: SIMUNASAUKE CHIFUKWA CHOSOWA NZELU

Amai anga ndi atate anga a mumsika, inu a pa Katete Stores ndi pa Boma, inu a pa Sinda m'mbali mwa Great East Road, inu a ku Vubwi, azilongo anga a salaula, anyamata a njinga ndi a tuntemba: Uthenga uyu ndi wautali pang'ono. Kasitomala akafika mugulitseni, mudzapitiliza pambuyo. Koma muuwelenge mpaka pothela, chifukwa nkhani yake ndi ya inu ndi ana anu.

Pali kalankhulidwe kamene kafala masiku ano. Mumakamva pa wailesi, ku ma workshop, ndi kwa mabwana otsika m'magalimoto a magalasi akuda. Ati vuto la anthu a kum'mawa ndi "mindset". Ati munthu wanzelu ndi wakhama amalemela yekha, ndipo amene wakhala zaka 15 pa thebulo limodzi la tomato ndiye kuti mutu wake ndiwo unalephela. Ena amaonjezela kuti miyambo yathu ya Chichewa ndiyo imatikokela pansi.

Mau awa musawaone ngati nthabwala. Ali ndi nchito yake. Munthu ukamukhulupilitsa kuti umphawi wake ndi mlandu wake, safunsanso kuti ndalama za boma zapita kuti. Amangoweluka kupita kunyumba akudziimba mlandu, bwana nkumagona tulo tabwino.

Manje tiyeni tikambe zinthu zitatu zimene zimakweza munthu kapena kumusiya pansi: nzelu, mwambo ndi mwai. Tione kuti pa zitatuzi chimene chikusowa kwathu kuno ndi chiti.

TIYAMBE NDI NZELU

Tengani mai wogulitsa tomato. Amadzuka 4 koloko kukachingamila alimi a kumadimba. Asanatulutse ndalama, m'mutu wawelenga kale: bokosi ili lituluka milu ingati, angati aphwanyika panjila, angati aola likafika tsiku lachitatu, wa njinga atenga zingati, levy zingati, mapulasitiki zingati, ndipo mnzake wa thebulo loyandikana akatsitsa mtengo iye atsitsa kufika pati kuti asadye capital. Alibe calculator, alibe buku. Amadziwa pamtima onse amene anatenga pa ngongole: uyu amalipila mwezi ukatha, uyu akagulitsa nshawa, uyu ukamupatsa ndiye kuti wataya.

Tengani mnyamata wa malonda pa Chanida, pa malile a Mozambique. Amatembenuza kwacha kukhala metical m'mutu, uku akukamba Chichewa, uku akuponyamo Chipwitikizi. Mnzake wa ku Vubwi amasunga mitengo iwili nthawi imodzi, ya kwacha yathu ndi ya kwacha ya Malawi, ndipo amadziwa tsiku loyenela kugula mbali iyi ndi kugulitsa mbali inayo.

Ku koleji zinthu izi zili ndi maina aatali a Chizungu, ndipo tinalipila ndalama kuti tiziphunzile. Ine ndili ndi diploma, koma mutandisiyila thebulo lanu sabata imodzi mungapeze capital yapita. Ndiye ndani alibe nzelu apa?

Kafukufuku wa boma wa 2022 anapeza kuti anthu 60 pa 100 alionse m'Zambia ndi osauka. Kumidzi ndi pafupifupi 79 pa 100, m'matauni pafupifupi 32 pa 100. Funsani bwana wa "mindset" uja: kodi Mulungu pogawa nzelu anatsata tala? Anafika pothela malaiti nkubwelela? Iyai. Nzelu zimabadwa paliponse, kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje, kwa Pembamoyo, mofanana ndi ku Kabulonga. Chosiyana ndi chimene mwana amapeza akabadwa.

Ndipo nzelu nazo zimadya. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko lino ndi opinimbila chifukwa cha kusowa chakudya choyenela. Madokotala amatiuza kuti ubongo wa mwana umamangidwa kwambili kuyambila ali m'mimba mpaka zaka ziwili. M'mela mpoyamba, anatelo akuluakulu. Mwana wokula ndi phala lopanda nsinjilo amalowa Grade 1 atatsalila kale, pamene mwana wa bwana wakula ndi mazila ndi mkaka. Onse awili nkuwapatsa mayeso amodzi, m'Chizungu, chimene mmodzi amachimva kunyumba tsiku lililonse ndipo wina amachimva kwa aphunzitsi chabe. Pothela pake wina ati ndi wanzelu, wina ati ndi mbuli. Mayeso amenewo ayesa mutu wa mwana kapena thumba la makolo?

Ambili mwa inu amene muli mumsika munakhoza masamu ndi sayansi pa Grade 12, koma Chizungu chinakugwetsani. Popanda credit ya Chizungu makoleji ambili sakulandilani. Phunzilo limodzi chabe linatseka unesi, uphunzitsi ndi nchito ya muofesi. Kuti mulembenso GCE mufunika ndalama pa phunzilo lililonse. Amene ali nazo amalembanso nkupita. Amene alibe amakaoda kapenta.

ANTHU ANAI AMENE MUKUWADZIWA

Woyamba ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema. Iwo eni amakamba poyela kuti anakula akuweta ng'ombe kumudzi ku Monze, ndipo kuti maphunzilo aulele a nthawi ya a Kaunda ndiwo anawatulutsa kumeneko. Anapita ku UNZA pa bursary ya boma, namaliza mu 1986, kenako anakaphunzila ku Birmingham. Palibe akukana kuti ndi munthu wanzelu ndi wakhama. Koma chotsani sukulu yaulele, chotsani bursary. Mnyamata uja akanakhala kuti lelo? Akanakhala mlimi wanzelu wa ku Monze, akudandaula za mtengo wa fataleza monga atate anu. Kwathu kuno tili ndi anyamata ambili amene ali kumbuyo kwa ng'ombe pa ola lino pamene anzao ali m'kalasi. Ena mwa iwo ali ndi mutu wofanana ndi wa munthu amene ali ku State House.

Wachiwili ndi malemu Rupiah Banda, mwana wa kuno kum'mawa. Anabadwila ku Gwanda, ku Zimbabwe wa lelo, mu 1937, chifukwa makolo ao anapita kumeneko kukafuna nchito. Mbili yao imanena kuti m'busa wa mpingo wa Dutch Reformed ndi banja lina la amwenye ndiwo anawathandiza pa sukulu. Anafika ku Munali, anaphunzila ku Sweden, nakhala Pulezidenti mu 2008. Ana a anthu opita kukafuna nchito ku Rhodesia analipo masauzande. Amene anapeza wowagwila dzanja ndi ochepa.

Wachitatu ndi Mchewa mnzathu wa ku Malawi, William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa kusekondale chifukwa makolo analephela fizi. Anabweleka buku ku kalaibulale ka pamudzi, natola zitsulo zotayidwa ndi zidutswa za njinga, napanga makina a mphepo oyatsa magetsi panyumba. Anthu ankamutcha wamisala. Makina aja anakhala pamudzi zaka zingapo dziko lisakudziwa, mpaka atolankhani anafika mu 2006. Pambuyo pake anapeza omulipilila sukulu, namaliza ku Dartmouth ku America mu 2014. Nzelu anali nazo kuyambila kale. Chimene chinachedwa ndi anthu omuona. Ndipo pakanapanda kalaibulale kaja, bwenzi palibe nkhani. Manje dzifunseni: m'wadi mwanu muli laibulale?

Wachinai ndi wanu weniweni, Esther Phiri. Anasiya sukulu ali ku pulaimale, anabeleka ali wamng'ono, ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka. Mphunzitsi wa nkhonya Anthony Mwamba anaona mphatso yake, kampani ya National Milling inaikapo ndalama, ndipo mtsikana wa pa thebulo la ndiwo anatenga malamba a dziko lonse. Manja ndi mtima zinali zake. Khomo anamutsegulila ndi ena.

Anthu anai awa mabwana amakonda kuwagwilitsa nchito pokunyozani: "onani uje anachokela pansi, nanga inu?" Koma muwelenge bwino nkhani zao. Palibe ngakhale mmodzi amene anakwela yekha. Aliyense anapeza khomo lotseguka: bursary, m'busa, laibulale, mphunzitsi.

M'BADWO UMENE UNATSEKELEDWA KUNJA

Pamene tinalandila ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu a digili ongopitilila 100 pang'ono. Boma la nthawiyo linamanga masekondale m'maboma, linatsegula UNZA mu 1966, ndipo mwana wa mlimi ankaphunzila osalipila. Amene analowa pa khomo limenelo ndiwo akhala akutilamulila mpaka lelo.

Kenako chuma chinagwa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 sukulu inasanduka ya ndalama. Mu 2002 anachotsa fizi kuyambila Grade 1 mpaka 7, koma sekondale inakhalabe yolipila mpaka Januwale 2022. Welengani zaka zimenezo. Inu amene muli ndi zaka 25, 35, 45, amene mwadzaza misika ya Katete ndi Sinda lelo, ndinu amene munafika pa khomo litatsekedwa. Munakhoza Grade 7 kapena Grade 9, dzina linatuluka, mwina ku Chassa, mwina ku Katete Secondary, koma ng'ombe yogulitsa panalibe. Akulu anu anaphunzila ulele, ana anu akuphunzila ulele, inu munagwa pakati. Ndipo amene anaphunzila ulele aja ndiwo akukuuzani kuti musinthe maganizo. Manyazi alibe?

NANGA MWAMBO?

Apa tisanamizane. Zilipo zina mwa ife zimene zimapha tsogolo la mwana, ndipo ndizitchula.

Kupeleka mnyamata kuti akawete ng'ombe za munthu zaka zitatu kapena zinai kuti alandile ng'ombe imodzi, pamene anzake akuphunzila kuwelenga. Kukwatitsa mtsikana atangotha msinkhu. Kuchotsa mwana m'kalasi pakati pa temu chifukwa cha chinamwali kapena kudambwe. Wachibale kubwela pa thebulo kutenga saladi ndi sopo "ndidzalipila", osalipila, ndipo ukakana ati wayamba kunyada. Munthu akamanga nyumba ya malata, m'malo momufunsa kuti wachita bwanji, timayamba kunong'ona kuti ali ndi zizimba. Izi ndi zathu, ndipo tiyenela kuzithetsa tokha. Kafukufuku wa 2018 uja anapezanso kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia anali atabeleka kapena ali ndi pakati, ndipo kuno kum'mawa chiwelengelo chinali pamwamba pa chimenecho. Palibe chonyadila apa.

Koma funsani kuti tate amapelekelanji mwana wake ku ng'ombe. Samuda mwanayo. Wawelenga masamu. Waona mwana wa mnansi wake amene anamaliza Grade 12 akuyendetsa njinga yonyamula anthu, ndi wina wa diploma ali mu booth ya mobile money. Waona kuti ng'ombe imalima, imakoka ngolo, imabala, imalipila chipatala. Kwa munthu amene banki simudziwa, ng'ombe ndiyo banki. Masamu ake ndi olakwika pa moyo wonse wa mwanayo, koma si masamu a chitsilu. Mukafuna kuti asinthe, muonetseni mwana wa pamudzi pomwepo amene sukulu yamupatsa nchito. Mwambo woipa umakhalitsa pamene palibe china chogwila.

Ndiponso eni mwambo sanakhale chete. Kalonga Gawa Undi akhala akulankhula poyela kuti ana apite kusukulu ndi kuti maukwati a ana athe. Kuyambila kumapeto kwa 2023 lamulo la dziko likuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa pamwambo. Kuyambila 1997 mtsikana amene wabeleka ali ndi ufulu wobwelela kusukulu. Choncho amene akukwatitsa mwana lelo asanamizile makolo akale.

Tsono kunena kuti Uchewa ndiwo umphawi, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Kale kwambili kusanabwele Great East Road, anthu a Undi ankachita malonda a minyanga ya njovu ndi makasu achitsulo mpaka ku Tete ndi ku Zambezi. Gule Wamkulu amene ena amamunyoza anazindikilidwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse. Mwezi wa Ogasiti uliwonse Kulamba imasonkhanitsa Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique pa Mkaika, ndipo inu mukudziwa ndalama imene imayenda sabata imeneyo. Nanga chilimba? Nanga village banking? Azimai amasonkha ndalama popanda loya, popanda wapolisi, nkumabwezelana pa tsiku lake chifukwa cha ulemu ndi kudziwana. Mwambo umenewo ndiwo wagwila misika yathu pamene mabanki anatikana.

Chimene chinatibweza m'mbuyo chili m'mbili. Kampani ya azungu ya North Charterland inatenga malo aakulu kuno kum'mawa, ndipo mu 1928 makolo athu anakankhidwila m'ma reserve opanikizika. Msonkho unathamangitsa amuna kupita ku Salisbury, ku Joni ndi kumigodi kukalemeletsa ena. M'masitolo a azungu munthu wakuda ankagulila pa windo. Banja limene linayamba sitolo nthawi imeneyo lili patsogolo ndi mibadwo itatu.

Ena amati, "onani amwenye, iwo ali ndi mwambo wa bizinesi." Inde, ndipo tiphunzileko m'malo mochita nsanje. Mwana wao amakulila kumbuyo kwa kauntala, amaphunzila buku la ndalama ali wamng'ono, ndipo akafuna kuyamba yake achibale amamupatsa katundu pa ngongole. Koma taonani bwino chimene ndatchula: sitolo ilipo kale, katundu alipo kale, womukhulupilila alipo kale. Chimene mukuchitcha mwambo, theka lake ndi mwai wosiyilana. Mwana wanu akufuna kuyamba ndi K300 ya kaloba.

MWAI SUGWA KUMWAMBA

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zimene mlimi aliyense amadziwa. Anthu anagula mbeu yabwino, analima nthaka yabwino, anapalila pa nthawi yake. Mvula inadula. Pa 29 Febuluwale 2024 boma linalengeza tsoka la dziko, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, chimanga cha pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chitauma. Kodi alipo amene anati alimi aja ndi aulesi? Nzelu ndi mbeu, mwambo ndi nthaka, khama ndi khasu. Popanda mvula zonse zimapsa.

Kusiyana kwake ndi uku: mvula ya kumunda ndi ya Mulungu, koma mwai wa mumsika umapangidwa ndi anthu okhala m'maofesi, amene timawasankha ndi kuwalipila ndi misonkho yathu. Tiyeni tiwelenge makomo.

Capital. Banki imafuna payslip kapena title deed. Inu payslip mulibe, ndipo munda wanu ndi wa kwa mfumu, ulibe title. Ngakhale atakupatsani, chiwongoladzanja cha mabanki chakhala pamwamba pa 25 pelesenti pa chaka. Mukatuluka kumeneko mumagwa m'manja mwa wa kaloba: K100 mubweze K150 mwezi ukatha. Bizinesi iti ya repu ndi kapenta ingapilile zimenezo? Pamwamba pake, kuyambila Januwale 2024 anaika levy pa ndalama yotumiza pafoni, njila yokhayo imene wosauka anali nayo.

Malaiti. Mu 2024 magetsi ankathima mpaka maola 21 pa tsiku. Wometa, wowotchelela zitsulo, wa butchala, wa chigayo, mai wogulitsa mafiliziti, onse anakhala manja lende. Tikudziwa kuti madzi anachepa ku Kariba. Koma anachepanso mu 2015 ndi mu 2019, ndipo amene amalipidwa kuti aganize za mawa anali ndi nthawi. Wa ndalama anagula solar ndi jenseti, natenga makasitomala anu. Iyeyo lelo akutchedwa wanzelu.

Thumba la mlimi. Kasitomala wanu pa Katete, Sinda ndi Vubwi ndi mlimi. Iye akalila, inunso mumalila. Mu 2023 mtengo wa soya unagwa anthu atalima kwambili. FISP yakhala pa alimi pafupifupi miliyoni imodzi kwa zaka zambili pamene alimi akuchulukilachulukila, ndiye chifukwa chake mamembala a kopaletivu amagawana fataleza pa meda. FRA ikachedwa kutsegula msika kapena kulipila, wa briefcase amafika ndi sikelo yake pakhomo. Mafuta nao mtengo umaunikidwa mwezi ndi mwezi, ndipo wopita kukaoda ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, sadziwa kuti transport ya mwezi wamawa idzakhala zingati.

Sukulu. Maphunzilo aulele a 2022 ndi chinthu chabwino, ndipo sindidzanena zosiyana chifukwa chakuti ndili ku chipani chotsutsa. Ana abwelela m'makalasi. Koma pitani mukaone nokha mmene adzazila, mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi khamu la ana. Mwana wolowa m'kalasi nkutuluka osadziwa kuwelenga wapatsidwa khomo lopanda nyumba. Ndipo akamaliza? Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi opitilila 30,000, koma ofunsila anali oposa 100,000. Otsalawo ali kuti? Ena ali pafupi nanu, akugulitsa talk time. Kodi naonso alibe nzelu?

CDF. Apa ndiye mutchele khutu. Ndalama iyi inakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche, Vubwi: iliyonse ili ndi gawo lake chaka ndi chaka. M'kati mwake muli ndalama ya bursary ya ana a boarding ndi a maphunzilo a manja, muli ma grant ndi ngongole za azimai ndi achinyamata. Imeneyo si mphatso ya phungu kapena ya chipani. Ndi yanu.

Manje funsani pa mzele wanu wa mathebulo: ndi angati analandilapo? Kuti mufike pa ndalama imeneyo mufunika gulu lolembetsedwa, setifiketi, akaunti ya ku banki, TPIN, ndi proposal yolembedwa bwino, kawilikawili m'Chizungu. Mai wodziwa masamu a tomato uja amaima pomwepo. Amene amadutsa ndi wodziwa kulemba, wodziwa tsiku limene mafomu atuluka, wodziwana ndi wa mu komiti. Khomo lilipo, koma kiyi anaipachika pamene wamfupi safika.

TICHITE CHIYANI?

Sindikuti tikhale pansi kudikila boma. Khama ndi lofunika, ndipo inu simufunika kuphunzitsidwa khama ndi munthu amene sanadzukepo 4 koloko. Ndikuti pa khama lanu muonjezele kufunsa. Mbewa ya manyazi inafela kuuna.

Choyamba, dziwani khansala wanu ndi a Ward Development Committee a m'dela lanu. Afunseni tsiku limene mafomu a CDF atuluka. Pemphani kuti maina a onse olandila bursary, grant ndi ngongole apachikidwe pamsika pamene aliyense angawelenge, ndiponso kuti mafomu afotokozedwe m'Chinyanja. Pitani gulu, osati mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwili, gulu lanu la chilimba kapena village banking lilembetseni. Muli kale ndi chinthu chimene makopaletivu ongopangidwa usiku umodzi alibe: mbili ya kubweza ngongole. Inu anzanga a Grade 12 ndi a diploma amene muli pa mabooth ndi pa njinga, thandizani amai athu kulemba mafomu popanda kuwadya ndalama. Maphunzilo athu agwileko nchito imeneyo.

Chachitatu, levy iliyonse imene mupeleka mulandile lisiti, ndipo mufunse kuti ndalamayo yagula chiyani: chimbudzi, madzi, denga, malo osungila katundu. Lamulo la misika la 2007 linaika misika m'manja mwa makhonsolo, osati m'manja mwa chipani chilichonse. Thebulo lisapelekedwe poona mtundu wa chitenge chimene munthu wavala, kaya ndi cha olamula, kaya ndi chathu.

Chachinai, kunyumba. Mwana asachoke m'kalasi chifukwa cha ng'ombe, chinamwali kapena thebulo lanu. Miyambo ichitike pa holide. Mtsikana akalakwa, abeleke, abwelele kusukulu. Mwana wamng'ono mumuikile nsinjilo m'phala, nshawa timalima tokha. Wachibale akabwela kudzatenga katundu, mpatseni chimene mwafuna kumupatsa kuchokela pa phindu, koma capital si ya maliro kapena ya chibale. Ndipo mwana wanu muphunzitseni masamu a pa thebulo akaweluka, monga amachitila anzathu aja.

Chachisanu, aliyense wobwela kudzapempha voti, wa chipani chilichonse, ngakhale wa chathu, musamufunse chitenge kapena K50. Mufunseni kuti: ngongole ya chiwongoladzanja chochepa ya wa mumsika ili kuti? Amene tinasiya sukulu chifukwa cha fizi mutithandiza bwanji kulemba GCE? Laibulale ndi sukulu ya nchito za manja m'dela lino zibwela liti? Akayamba kukamba za "mindset", muuzeni akhale pa thebulo lanu sabata imodzi ndi capital yanu, adyetse ana anu, alipile lendi, kenako abwele adzatiphunzitse.

Amai anga, atate anga, nzelu muli nazo. Mwambo wathu uli ndi zofunika kudula, ndipo tidula tokha, koma uli ndi mizu imene yatisunga. Chimene mwamanidwa ndi mwai, ndipo mwai uli ndi ofesi, uli ndi bajeti, uli ndi munthu wosaina. Munthu ameneyo ali ndi dzina, ndipo amabwela kwa inu zaka zisanu zilizonse atavula chipewa.

Muwelengeleni mnzanu wa thebulo loyandikana amene alibe foni ya intaneti. Malonda akuyendeleni bwino.



Mlembi wa Achinyamata, Katete